Kodi vitamini C angalowe m'malo mwa sunscreen? Tiyambire pachiwaya

Mukamadutsa pachiwaya popita kusukulu, tasuzumirani m'chidebe chimene chimakhala pambali pa wokazinga tchipisi uja. Kachewere wosenda ndi kuduladula samusiya pamtunda ayi, amamuviika m'madzi. Mukamufunsa chifukwa chake, akuyankhani mwachidule kuti, "Akakhala pamphepo amada, ndiye makasitomala safuna." Yankho lakelo ndi lolondola, kungoti sanatchule dzina limene inu mumalemba pa mayeso a Chemistry, la oxidation. Nthochi imene mwaluma n'kuisiya, peyala lodula pakati, lata limene lachita dzimbiri, mafuta ophikira amene akhalitsa mpaka kuyamba kafungo, zonsezi ndi nkhani imodzi: chinthu chakumana ndi okosijeni n'kulandidwa ma elekitironi.

Zoterezi zimachitikanso pakhungu panu tsiku lililonse mukakhala padzuwa. N'chifukwa chake pa TikTok ndi Facebook mumaona anthu akudontheza timadzi ta vitamini C kumaso, kenako n'kupaka mafuta oteteza khungu ku dzuwa, amene ambiri timangowatchula kuti sunscreen. Ena mpaka amanena kuti ukakhala ndi timadzi timeneti, totchedwa seramu, sunscreen ndi yosafunikanso. Apa ndiye pali bodza, ndipo kwa anzathu ena bodza limeneli likhoza kuwatengera ku khansa. Zoona zake n'zakuti ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana, zimathandizana, koma sizilemera mofanana. Kuti timvetse, tiyenera kuyamba taona zimene dzuwa limachita likafika pakhungu.

Cheza chimene maso saona

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chimene maso athu sachiona, chotchedwa ultraviolet, mwachidule UV. Asayansi amachigawa patatu potengera kutalika kwa mafunde ake. UVC, ya mafunde a pakati pa 100 ndi 280 nanometre, ndiye yoopsa kwambiri, koma imathera kumwamba chifukwa mpweya wa ozone umaimeza. UVB, ya 280 mpaka 315, yambiri imamezedwanso, koma yochepa imene imafika pansi ndi imene imawotcha khungu. UVA, ya 315 mpaka 400, imadutsa pafupifupi yonse, moti pa cheza chonse cha UV chimene chimatipeza pansi pano, magawo pafupifupi 95 pa 100 ndi UVA. Imalowa mozama m'khungu kuposa UVB, ndipo imadutsa ngakhale pagalasi wamba la windo. Amene mumakonda desiki ya pawindo m'kalasi, mwamva?

Kuno kwathu cheza chimenechi n'chochuluka. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa Equator, ndiye dzuwa limafika pamutu penipeni kawiri pachaka. Ku Lilongwe zimenezi zimachitika chakumapeto kwa October ndi chapakati pa February. Dzuwa likakhala pamutu, cheza chake chimadutsa mumpweya wochepa chisanatipeze, choncho chimafika chikadali ndi mphamvu. Kukwera kwa malo nako kumawonjezera: pa mamita 1,000 alionse UV imakwera ndi magawo pafupifupi 10 pa 100. Ndiye musanamizidwe ndi kuzizira kwa ku Dedza kapena ku Mzuzu. Kutentha kumene thupi limamva si UV ayi. Ngakhale kukhale timitambo topyapyala, magawo ofika 80 pa 100 a UV akhoza kudutsa bwinobwino.

Bungwe la WHO limagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa UV Index. Nambala ikafika 3, limalangiza anthu kuyamba kudziteteza, ndipo kuyambira 11 kupita m'mwamba ndi gawo lomaliza, loopsa kwambiri. Tsegulani pulogalamu ya zanyengo pafoni masana a mu November, muone nokha nambala imene ikutuluka. Ngati foni palibe, yang'anani chithunzithunzi chanu pansi. Chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, dziwani kuti dzuwa lili pa ukali wake.

Tsono cheza chimenechi chimawononga khungu m'njira ziwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Njira yoyamba ndi yachindunji. DNA ya m'maselo a khungu imameza UVB. Mukukumbukira zilembo zinayi zija za DNA, A, T, C ndi G? T ziwiri zikagundizana pamzere umodzi, mphamvu ya UVB ikhoza kuzimatirira pamodzi molakwika. Selo ili ndi ma enzaimu amene amadula pamalo powonongekapo n'kusokapo mwatsopano, ndipo amagwira ntchito imeneyi usana ndi usiku. Koma nthawi zina amaphonya. Zophonyazo zikaunjikana kwa zaka, makamaka pa majini amene amaletsa selo kuswana mwachisawawa, ndi pamene khansa ya pakhungu imayamba.

Njira yachiwiri ndi yozembera, ndipo UVA ndiye katswiri wake. Mamolekyulu ena a m'khungu amameza UVA n'kupatsira mphamvuyo okosijeni amene ali pafupi. Okosijeniyo amasanduka mitundu yolusa, ndipo ina mwa iyo ndi imene timaitcha ma free radical.

Wakuba amene amasandutsa wobedwa kukhala wakuba

Paja ma elekitironi amakonda kukhala awiriawiri. Free radical ndi atomu kapena molekyulu imene ili ndi elekitironi imodzi yopanda inzake. Singakhazikike, choncho imalanda elekitironi kwa aliyense amene yamuyandikira. Vuto lake ndi lakuti wolandidwayo tsopano nayenso watsala ndi elekitironi yopanda inzake, ndiye amakalanda kwa wina. Zimangopatsirana choncho, ngati moto wolusa m'tchire louma la mu September.

Zipupa za maselo athu ndi zopangidwa ndi mafuta, ndipo mafuta ndi amene moto woterewu umayenda nawo msanga. Free radical imodzi ikhoza kuyambitsa mndandanda umene ungawononge mamolekyulu ambiri a mafuta usanazime. Ndi zomwe zija zimachitikira mafuta ophikira okhalitsa. Ma free radical amawononganso DNA, ndipo amadzutsa ma enzaimu amene amadula kolajeni, ulusi umene umapangitsa khungu kukhala lokungika. Kolajeni akamatha, makwinya amabwera. Tayerekezani khungu la kumaso ndi kuseri kwa manja kwa agogo amene alima moyo wawo wonse ndi khungu lawo la pamimba, limene limakhala m'zovala. Zaka zake n'zofanana, koma maonekedwe ndi osiyana. Kusiyanako ndi dzuwa.

Antioxidant ndi molekyulu imene imapereka elekitironi kwa free radical mwaufulu, koma iyo yosasanduka yolusa. Mndandanda uja umathera pomwepo. M'chinenero cha Fomu 3, antioxidant ndi reducing agent basi. Iyo imalola kuchitidwa oxidation kuti DNA ndi zipupa za maselo zipulumuke.

Khungu lili kale ndi ma antioxidant ake. Awiri odziwika ndi vitamini E ndi vitamini C, ndipo mgwirizano wawo ndi wosangalatsa. Vitamini E amasungunuka m'mafuta, choncho amakhala m'kati mwa chipupa cha selo momwemo, pamene moto umayambira. Akapereka elekitironi yake, watha ntchito. Vitamini C amasungunuka m'madzi, ndiye amakhala m'madzi a m'selo. Akamupeza vitamini E ali chimanjamanja, amamupatsa elekitironi ina, uja n'kubwerera pantchito. Mbuzi, galu ndi nkhuku zimadzipangira zokha vitamini C m'thupi, koma ife anthu sitingathe, timadalira chakudya. Ndipo dzuwa likaomba pakhungu kwa nthawi yaitali, nkhokwe ya mavitamini awiriwa pakhungupo imatsika.

Nambala ya pabotolo

Sunscreen imagwira ntchito moto usanayambe. Muli zinthu zimene zimameza UV n'kuisandutsa kutentha pang'ono kosavulaza. Zina ndi ufa wa miyala monga zinc oxide ndi titanium dioxide, umene umabwezanso kuwala kwina, ndipo ndi umene umatisiya titatuwa mbuu ife akhungu lakuda. Zina ndi mankhwala monga avobenzone ndi octocrylene amene saoneka ukapaka.

Nambala ya SPF ndi masamu osavuta. SPF 30 ikutanthauza kuti pa cheza chowotcha chimene chafika, gawo limodzi pa magawo 30 ndi limene likudutsa. Gawani 100 ndi 30, mupeza 3.3, kutanthauza kuti yatchinga magawo pafupifupi 97 pa 100. SPF 15 imatchinga 93, SPF 50 imatchinga 98. Palibe imene imafika 100. Komanso SPF imanena makamaka za UVB. Kuti mudziwe kuti UVA nayo ikutchingidwa, fufuzani pabotolo mawu akuti broad spectrum, kapena zilembo za UVA zozunguliridwa ndi kamzere, kapena PA yotsatana ndi zizindikiro za kuphatikiza.

Pali chinanso chimene otsatsa malonda sakonda kunena. SPF imayezedwa mu labotale atapaka mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu. Awatu ndi mafuta ambiri: pafupifupi mamililita 35 thupi lonse la munthu wamkulu. Anthu ambiri amapaka theka la muyesowu kapena kucheperapo, poopa kuti botolo litha msanga. Ukatero, SPF 50 ya pabotolo ija siikhalanso 50 pakhungu. Onjezerani thukuta la pabwalo la mpira ndi kupukuta kumaso ndi malaya.

Ndiye ngakhale mutapaka, cheza china chimadutsabe. Mu 2003 gulu la ofufuza ku England lotsogozedwa ndi Rachel Haywood linayeza ma free radical amene amapangika m'khungu la munthu likawalitsidwa ndi UVA. Linapeza kuti sunscreen za nthawi imeneyo, zitapakidwa pa muyeso woyenera, zinkachepetsa ma free radical ndi magawo pafupifupi 55 pa 100 okha. Za masiku ano zambiri zimatchinga UVA bwino kuposa pamenepo, komabe mpata ulipo. Mpata umenewu ndi umene antioxidant imabwera kudzatseka. Sunscreen imachepetsa moto umene ungayambe, antioxidant imazimitsa umene wayamba kale.

Umboni wake ndi wolemera bwanji?

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pankhaniyi anachitikira ku Duke University ku America, motsogozedwa ndi dokotala wa khungu Sheldon Pinnell. Mu 2001 gulu lake linaonetsa kuti vitamini C weniweni, L-ascorbic acid, amalowa m'khungu pokhapokha pH ikakhala pansi pa 3.5, ndipo kuti kupyola magawo 20 pa 100 sikuwonjezera kanthu. Mu 2003 anasakaniza vitamini C wa magawo 15 pa 100 ndi vitamini E wa gawo limodzi pa 100, n'kupaka pakhungu la nkhumba kwa masiku anayi. Khungulo linafuna cheza chochuluka kanayi kuti lifiire. Mu 2005 anawonjezeramo ferulic acid wa 0.5 pa 100, amene amapezeka m'zomera, m'gaga wa chimanga momwe, ndipo chitetezocho chinafika pafupifupi kasanu ndi katatu.

Ndi zotsatira zabwino, koma tiyeni tiziwerenge ngati asayansi. Choyamba, zinali nkhumba. Khungu la nkhumba limafanana kwambiri ndi lathu, n'chifukwa chake anazisankha, koma nkhumba ya mu labotale si mwana wa sukulu amene akupalasa njinga makilomita 8 padzuwa. Chachiwiri, Pinnell anali m'gulu la oyambitsa kampani yogulitsa seramu wotereyu. Sizitanthauza kuti ananama, koma nthawi zonse muzifunsa kuti amene wachita kafukufuku apindula chiyani ndi zotsatira zake. Chachitatu, ngakhale titaitenga 8 ija ngati SPF, ili kutali ndi 30. Vitamini C sameza UVA kapena UVB, choncho satchinga cheza kufika pa DNA.

Tsopano yerekezani ndi umboni wa sunscreen. M'tauni ya Nambour ku Queensland, Australia, Adele Green ndi anzake anatsatira anthu akuluakulu 1,621 kuyambira 1992 mpaka 1996. Theka anauzidwa kupaka sunscreen tsiku lililonse, theka linalo kupaka pamene afunira monga ankachitira kale. Opaka tsiku lililonse anapezeka ndi zotupa zochepa za khansa yotchedwa squamous cell carcinoma, zochepa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Atawatsatirabe kwa zaka zina 10, khansa ya melanoma inapezeka ka 11 m'gulu lopaka tsiku lililonse, ndi ka 22 m'gulu linalo. Chimene chimandisangalatsa ine m'kafukufukuyu n'chakuti anthu omwewo anagawidwanso pawiri: ena ankamwa mapiritsi a beta-carotene, antioxidant amene amapangitsa karoti kukhala wofiirira, ena mapiritsi opanda mankhwala. Mapiritsi a antioxidant aja sanachepetse khansa ya pakhungu. Kafukufuku mmodzi, anthu amodzimodzi, dzuwa limodzimodzi: sunscreen inaonetsa phindu, mapiritsi ayi.

Choncho munthu akakhala ndi ndalama ya botolo limodzi lokha, funso la choti agule layankhidwa kale. Ndipo patsogolo pa botolo lililonse pali mthunzi, chipewa cha khonde, ambulera ndi malaya a manja aatali, zimene sizichoka ndi thukuta.

"Koma ife akuda dzuwa silitiwotcha"

Pali choonadi m'mawu amenewa. Melanin, amene amapatsa khungu mtundu, amameza UV komanso amagwira ma free radical ena. Kafukufuku wa mu 1979 anayerekeza kuti khungu lakuda lili ndi chitetezo chachilengedwe cha SPF pafupifupi 13, pamene la azungu lili ndi pafupifupi 3. N'chifukwa chake khansa yoyamba ndi dzuwa siichuluka mwa anthu akuda monga ku Australia. Ikatipeza melanoma, kawirikawiri imakhala kuphazi, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifika kwenikweni. Ndi imene inapha Bob Marley mu 1981, inayambira pachala cha kuphazi. Sunscreen siiteteza mtundu umenewu. Chimene chimathandiza ndi kupita kuchipatala msanga mukaona banga lakuda lachilendo limene likukula.

Kwa ambiri a inu, vuto la dzuwa limaonekera pa ziphuphu. Chiphuphu chikapola chimasiya banga lakuda, chifukwa maselo opanga melanin amagwira ntchito mopyola muyeso pamalo pamene panatupa. Dzuwa limadetsa bangalo n'kulichedwetsa kutha, mwina miyezi yambiri. Pakhungu lakuda, ngakhale kuwala wamba kumene timaona ndi maso kumadetsa mabanga, n'chifukwa chake sunscreen zokhala ndi mtundu, zimene muli iron oxides, zimathandiza kwambiri, ndipo sizitutuwitsa. Apa vitamini C ali ndi kantchito kena: amachedwetsa pang'ono enzaimu ya tyrosinase imene imapanga melanin. Niacinamide, amene ndi mtundu wa vitamini B3, nayenso amathandiza mabanga ndipo sawawa pakhungu. Koma ukamapaka zimenezi n'kumakhalabe padzuwa wopanda chotchinga, uli ngati munthu wotunga madzi ndi dengu.

Kwa anzathu achialubino nkhaniyi si ya mabanga ayi, ndi ya moyo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, ndiye n'kutheka kuti pasukulu panu alipo. Khungu lawo lili ndi melanin wochepa kwambiri kapena lilibiretu, moti SPF 13 yachilengedwe ija palibe. Khansa imene imawagwira kwambiri ndi squamous cell carcinoma, yomwe ija inachepa ndi sunscreen ku Nambour, ndipo ambiri imawapeza akadali achinyamata. Ngati ndinu wachialubino, muyenera SPF 50 kapena kuposa, ya broad spectrum, tsiku lililonse, kukhale mitambo kusakhale, osaiwala makutu, milomo, kumbuyo kwa khosi ndi kuseri kwa manja. Kuzipatala za boma mafutawa amaperekedwa kwaulere kwa anthu achialubino, ngakhale nthawi zina amasowa, ndipo bungwe la APAM likhoza kukulozerani kumene akupezeka. Munthu asakunamizeni kuti seramu ya vitamini C, Vaseline, glycerine kapena mafuta a kokonati zingagwire m'malo mwake pamene asowa. Masiku oterowo chitetezo chanu ndi zovala, chipewa ndi mthunzi. Mukaona kabala kokhakhala kamene sikakupola, pitani kuchipatala mwezi womwewo. Timabala totere tikapezeka msanga timachotsedwa mosavuta tisanasanduke khansa. Ndipo ine maganizo anga ndi akuti mwana wachialubino sayenera kuimitsidwa pa asembule ya padzuwa wopanda chipewa chifukwa cha lamulo la yunifolomu. Ma prefect, nkhani imeneyi mukhoza kukaitula kwa a hedi.

Kapakidwe kake m'mawa

Tinene kuti zonse ziwiri muli nazo. Sambani kumaso ndi sopo wosakalipa, pukutani. Yambani ndi seramu, madontho atatu kapena anayi, chifukwa iyo iyenera kulowa m'khungu, kumene ma free radical amapangikira. Dikirani mphindi zochepa kuti iume. Ngati khungu lanu ndi louma, pakani mafuta anu a masiku onse pang'ono. Sunscreen ibwere pomaliza, chifukwa ntchito yake ndi kuyala kansalu kosang'ambika pamwamba. Muyeso wa kumaso ndi khosi ndi pafupifupi theka la supuni yaing'ono ya tiyi, kapena mizere iwiri yoyala kutalika kwa chala cha mkombaphala ndi chapakati. Pakani mphindi 15 mpaka 20 musanatuluke.

Musasakanize ziwirizi m'chikhatho kuti musunge nthawi. Mukatero mwasungunula sunscreen, ndipo kansalu kaja kakhala ndi mabowo. Mukakhala panja, pakaninso sunscreen pakatha maola awiri alionse, komanso mukatuluka thukuta kwambiri kapena mukasambira. Seramu yokha ndi kamodzi patsiku basi, chifukwa ikalowa m'khungu siichoka ndi madzi.

Vitamini C ali ndi khalidwe limodzi lovuta: popeza ntchito yake ndi kupereka ma elekitironi, amaperekanso kwa okosijeni wa m'botolo momwemo. Kuwala ndi kutentha zimafulumizitsa zimenezi. Seramu yabwino imakhala yoyera ngati madzi kapena yachikasu pang'ono, m'botolo lakuda lotsekeka bwino. Ikafika pooneka ngati tiyi wopanda mkaka, yatha ntchito. Ndiye ganizirani za kabotolo koonekera m'kati kamene kakhala pa benchi la pamsika, padzuwa, kwa miyezi itatu. Mukhala mukugula dzina lokha. Sunscreen nayo ili ndi tsiku lothera ntchito ndipo siifuna kusungidwa potentha.

Kumbukiraninso pH ya pansi pa 3.5 ija. Ameneyo ndi asidi, ndipo ena amawayabwa kapena kuwawotcha, makamaka pamene pali ziphuphu zotseguka. Yesani kaye kuseri kwa khutu kwa masiku awiri kapena atatu. Kunena zoona, pa msinkhu wanu kolajeni akadali wambiri, ndipo ambiri a inu seramu simukuifuna n'komwe. Sunscreen zambiri zilinso kale ndi vitamini E, pabotolo amalemba kuti tocopherol kapena tocopheryl acetate.

Mandimu ndi mafuta oyeretsa

Ndikudziwa kuti wina waganiza kale kuti, "Aaa, si mandimu ali ndi vitamini C? Ndingofinyira kumaso." Chonde ayi. Madzi a mandimu ali ndi pH pafupifupi 2, ndipo asidi wake wambiri ndi citric acid, osati vitamini C. Choopsa kwambiri n'chakuti m'mandimu, makamaka m'makoko ake, muli mankhwala otchedwa furocoumarins. Amenewa akakhala pakhungu n'kuombedwa ndi UVA, amawotcha khungu mpaka matuza, ndipo pakapola pamatsala banga lakuda limene limatenga miyezi. Munthu amafuna kuchotsa kabanga kamodzi n'kupeza tsaya lonse lada.

Chenjeraninso ndi mafuta oyeretsa khungu amene pachikuto amajambulapo malalanje kapena karoti n'kulembapo vitamini C ndi zilembo zikuluzikulu. Vitamini C payekha sangasinthe mtundu wa munthu m'masabata awiri. Mafuta akamachita zimenezo, kawirikawiri m'kati muli hydroquinone, mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, kapena mercury. Steroid imapyapyalitsa khungu n'kubweretsa ziphuphu ndi mizere, mercury imawononga impso, ndipo hydroquinone ukaigwiritsa ntchito nthawi yaitali imasiya mabanga akuda obiriwira ovuta kuchotsa. Pamwamba pa zonsezi, mukuchotsa melanin, chitetezo chimene munabadwa nacho, m'dziko limene dzuwa limafika pamutu kawiri pachaka.

Njira yotchipa yopezera khungu ma antioxidant ndi ya pakamwa. Magalamu 100 a gwafa ali ndi vitamini C woposa mamiligalamu 200, pamene lalanje lili ndi pafupifupi 50, moti gwafa mmodzi akukwanirani tsiku lonse. Malambe, papaya, mango, tomato ndi masamba monga bonongwe ndi chisoso nazo zili naye, bola masambawo asaphikidwe mpaka kufera mumphika. Vitamini E ali mu mtedza, nthanga za mpendadzuwa ndi mapeyala. Zakudyazi sizikupatsani SPF ayi, zimangodzaza nkhokwe imene dzuwa limakhala likutapa.

Yesani nokha

Mukhoza kuona antioxidant ikugwira ntchito ndi maso anu. Wiritsani supuni yaing'ono ya ufa wa chinangwa kapena ufa woyera m'kapu imodzi ya madzi, muziziritse, kenako thirani masupuni awiri a madzi amenewa m'tambula ya madzi oyera. Donthezeranimo ayodini, wa ku labotale ya sukulu kapena wotsukira mabala uja, mpaka madziwo asanduke abuluu woderako. Gawani madziwo mofanana m'matambula atatu. Ayodini ndi poizoni, osalawa, ndipo amathimbiriritsa yunifolomu.

Phwanyani piritsi limodzi la vitamini C m'theka la kapu ya madzi. Donthezerani madzi amenewa m'tambula yoyamba, dontho limodzilimodzi, mukutakasa ndi kuwerenga, mpaka mtundu wabuluu uzimiririke. Chimene chachitika n'chakuti vitamini C wapereka ma elekitironi kwa ayodini, ayodini wasanduka iodide, ndipo iodide sapanga mtundu ndi sitachi. M'tambula yachiwiri yesani madzi a gwafa kapena a malambe osefa bwino, muone kuti afuna madontho angati.

Madzi a piritsi otsalawo muwasiye pawindo osavindikira kwa masiku atatu. Akaphwerako, onjezerani madzi kuti afike pamzere pamene anali poyamba, apo ayi muyeso wanu ukhala wolakwika. Konzani madzi abuluu atsopano ndi muyeso womwe uja wa sitachi ndi ayodini, chifukwa a tsiku loyamba aja amakhala atasuluka, ndipo werenganinso madontho. Lembani manambala onse m'kope, ndipo bwerezani katatu musanakhulupirire zimene mwapeza.